Ndinawerenga Buku Langa Nditavala Zakuda

Ana anga, za ubwana wanga ku Chilomoni ndinakufotokozerani kale pakamwa, sindizibwereza pano. Mutu uno ndikuulemba chifukwa nkhani ya tsiku limene ndinaima pagulu ndi buku langa, bambo anu atangotisiya kumene, mwakhala mukuimva zidutswazidutswa: ina kwa azakhali anu a Felista, ina pa foni, ina kwa amayi a kutchalitchi amene sanaliko n'komwe. Ndikufuna muimve kwa mwiniwake. Koma kuti mumvetse chimene chinandilimbitsa mutu mpaka kutsala pang'ono kudana ndi abale a bambo anu, ndiyambire kumene bukulo linachokera.

Ndirande, zaka zoyamba za uphunzitsi

Ntchito ndinayambira pa sukulu ina ya pulayimale ku Ndirande, m'munsi mwa phiri. Anandipatsa Sitandade 1, kalasi imene aphunzitsi akale onse ankaithawa. A hedi athu tinkawatchula kuti a Belu, chifukwa kachitsulo kogogodera limu ya galimoto, imene inali belu lathu, sankakasiya pansi. Ankayenda nako m'manja tsiku lonse n'kumalozera nako anthu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kufunsa kuti, "Madamu, mawu muli nawo? Ana a kuno samva zonong'ona." Ndinawayankha kuti ndinakulira pafupi ndi msika. Sanaseke. Munthu uja sindinamuonepo akuseka, ngakhale tsiku lotsekera sukulu.

Chaka chimene boma linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anatuluka ngati ngumbi mvula itagwa. Abale inu! Kalasi yanga inasamukira pansi pa mtengo wa mango, bolodi lake chitseko chakale chimene tinkachipaka makala. Choko a Belu ankatigawira chodula pakati, Lolemba lokha, chikatha uzionera wekha. Mabuku owerenga analipo ochepa, koma anali otsekeredwa m'kabati ya mu ofesi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti, "A hedi, nanga anawa adzaphunzira bwanji kuwerenga, buku asanaligwirepo?" Iwo anati, "Akaligwira ling'ambika. Likang'ambika, akuluakulu akabwera kudzayendera sukulu ndiwaonetsa chiyani? Mutu wanuwo?" Ndinatuluka mu ofesimo magazi akuwira. Madzulo ndinakalipira bambo anu ngati kuti kiyi wa kabatiyo anali m'thumba mwawo.

Bambo anu, monga mukudziwa, anali mmisiri womanga nyumba, mwana wa ku Bangwe, makolo awo ochokera ku Mozambiki kudzera ku Mulanje. Sanali munthu wolankhulalankhula. Anandisiya ndikalipe mpaka kutopa, ndipo mawa lake anabwera ndi mtolo wa matumba a simenti pa njinga. Thumba la simenti la nthawi imeneyo linkakhala ndi mapepala ophatikiza, ndipo la pakati silinkada. Anakhala pakhonde n'kumasenda pepalalo, kulidula ndi mpeni, kulipinda, kenako kulisoka ndi singano ya matumba. "Lembanimo zanu," anatero. "Za m'kabati zisiyeni." Ine ndinayamba kulembamo tinkhani tating'onoting'ono ndi zilembo zikuluzikulu: mwana wotumidwa makala n'kubwerako ndi mandasi, mbuzi yokwera minibasi, mtsikana wosochera pakati pa ogulitsa kaunjika. Ana ankalimbirana timabuku timeneti mpaka zala zawo kumanunkha simenti.

Zingwangwa ndi Machinjiri, zaka za pakati

A Belu ataona timabukuto anati sitili mu silabasi, ndikusokoneza ana. Tinakangana pamaso pa aphunzitsi onse, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinawauza kuti pasukulu ponsepo kabati yawo yokha ndiyo ingakhoze mayeso, poti ndiyo ili ndi mabuku. Teremu isanathe thiransifa inanditulukira. Ku Zingwangwa ndinapeza a hedi aakazi, munthu wabwino mtima koma wamantha. Ankandilola kugwiritsa ntchito timabuku tanga, bola ndizitibisa m'chikwama alendo akafika. Kumeneko mdani anali mvula. Madzi otsika m'phiri ankadutsa m'kalasi momwemo, ana n'kuimirira m'mbali mwa khoma atanyamula makope pamutu. Chaka china denga linasasuka, timabuku tambiri tinanyowa n'kusanduka phala. Ndinati basi, ndasiya, andilembe ntchito yophunzitsa osati yosoka mapepala. Bambo anu Loweruka anabweranso ndi matumba.

Ku Machinjiri ndiko ndinakhalitsa, ndipo ndiko bambo anu anatimangira nyumba imene munakuliramo. Mahedi anabwera n'kupita: wina wa mowa, wina wokonda misonkhano yosatha ana akuswana m'kalasi, wina amene anandiuza maso ndi maso kuti mphunzitsi wa Sitandade 1 sangalembe buku, ntchito yake n'kupukuta mamina. Ameneyo ndinamuyankha, koma zimene ndinanena sizolemba m'buku la ana anga. Mapepala a simenti atayamba kusowa, bambo anu ankatolera makatoni m'mahadiweya. Timabuku totsala ankatisunga m'sutukesi pamwamba pa wadirobu, ndipo ndikati titaye tikungoitana mphemvu, ankati, "Mukadzapuma tidzakasindikiza. Mudzaima pagulu n'kuwerenga, ine nditakhala kutsogolo." Ndinkawaseka.

Chaka chopuma ntchito

Nditapuma sanandipatse mtendere. Ndinasankha nkhani zimene ana ankazikonda, n'kuwonjezerapo zokumbukira zanga za m'kalasi, ndipo tinakasindikiza kwa munthu wina wa makina ku Limbe. Linali buku lopyapyala, chikuto chake chopindika pang'ono, koma linali buku ndithu. Patapita miyezi ndinalandira foni kuchokera kwa Tadala, amene ndinamuphunzitsa a e i o u pansi pa mango uja ku Ndirande, pano ndi mayi wa ana ake. Anati iye ndi anzake amakonza chikondwerero cha olemba ndi owerenga mabuku mu holo ina cha ku Chitawira, ndipo akufuna ndikawerenge. "Madamu, Loweruka masana mlendo wathu wamkulu ndinu." Ndinavomera. Bambo anu anapititsa jekete lawo kwa telala kuti alichepetse m'mapewa.

Jeketelo tinawaveka m'bokosi. Anagwa pa ntchito ku Kanjedza akuyang'anira anyamata awo pothira lintala, kuthamanga kwa magazi kuja ankakunyozera. Pamene ine ndinkafika kuchipatala anali atapita kale. Za maliro sindilemba, munalipo.

Chimene mwina simunachimvetse bwino ndi zimene zinachitika tsiku lometa. Azakhali anu a Felista, mlongo wawo wamkulu wa bambo anu, ndi amene anandimanga duku lakuda kumutu n'kundiveka chitenje chakuda, amalume awo a ku Mulanje, mwini mbumba, atakhala pampando pafupi. Anandiuza kuti, "Alamu, mpaka tsiku limene tidzakusudzuleni, ku ukwati ayi, ku chinkhoswe ayi, kulikonse kumene kuli nthungululu ndi kuomba m'manja ayi. Kutchalitchi, kumsika, kuchipatala, basi." Ndinavomera ndi mtima wonse, palibe anandikakamiza. Inu a masiku ano mumaona ngati kusudzula n'kuvula nsalu chabe. Ayi. Ndi tsiku limene abale a mwamuna amanena pamaso pa anthu kuti alibe nawe chifukwa pa imfa ya m'bale wawo, kuti unamusunga bwino. Akakana kukusudzula safunikanso kunena kanthu, anthu amamaliza okha nkhaniyo pa mjigo ndi m'maminibasi. Za chikondwerero cha mabuku, kunena zoona, zinali zitachokeratu m'mutu mwanga.

Lachiwiri la mlungu wa chikondwerero

Ndinali kuthirira mpiru kuseri kwa nyumba pamene ndinamva "Odi" wouma. Anali a Felista. Mpando umene ndinawapatsa sanaukhale. Anatulutsa foni m'chikwama n'kundiyandikizira kumaso. "Alamu, uyu ndani?"

Ndinali ine. Ine mu diresi lagolide lija la pa ukwati wako iwe Mphatso, pakamwa pali yasa ndi kuseka, dzanja lili m'mwamba, ndikuvina pa perekaniperekani. Pamwamba pa mutu wanga panali zilembo zofiira zoitanira anthu ku chikondwerero Loweruka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Tadala, posafuna kundivutitsa ndili pa maliro, anapempha chithunzi kwa iwe, ndipo iwe unasankha chimene mayi ako anaoneka bwino. Sindikukuimba mlandu, mwana wanga. Koma posita imeneyo inali itazungulira kale pa Watsapu, ina ataimata pa siteji ya maminibasi ku Bangwe, pamene azakhali anu amadutsa tsiku lililonse.

"Dothi la pamanda a mlongo wanga silinakhazikike n'komwe," anatero a Felista. "Ine ndikuyenda ndi maso otupa, inu mwapachikidwa pa mtengo wa magetsi mukuvina. Dzulo mayi wina wandifunsa pa chigayo kuti, kodi alamu anu aja amadikira maliro kuti atchuke? Ndimuyankhe chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza kuti chithunzicho n'chakale, kuti si dansi, n'kuwerenga chabe. Anandidula. "Akakuomberani m'manja?" Ndinati mwina. "Kukakhala nyimbo?" Ndinati sindikudziwa. "Ndiye mukundiuza chiyani?" Pamenepo ukali wanga uja unadzuka. Ndinati, "Alamu, mlongo wanuyo ndi amene ankafuna zimenezi kuposa ine. Ndakhala naye nyumba imodzi zaka zonsezi, musandiphunzitse kumulira." Mawu atatuluka ndinafuna kuwameza, koma anali atapita. A Felista anabweza foni m'chikwama pang'onopang'ono n'kutseka zipi. "Chabwino. Amalume aiona kale posita imeneyi. Mukakaima pamenepo n'kuomberedwa m'manja mutavala nsalu imene ndinakumangani ine, mufunefune ena odzakusudzulani." Anatuluka pageti osatsanzika.

Lachitatu mpaka Lachisanu

Ndinamuimbira Tadala kuti andichotse pa pulogalamu. Anapepesa mpaka kulira, nati positayo aichotsa tsiku lomwelo, koma anandichonderera. "Madamu, ana a m'sukulu zimene munaphunzitsa akubwera ndi aphunzitsi awo. Ena amene munatiphunzitsa tapempha kale tchuthi kuntchito. Chaka chamawa sitikudziwa ngati tidzapezenso holo." Kenako anawonjezera kuti, "Tidzangokhala chete kamphindi kukumbukira adadi, basi zikhala bwino." Mwana wabwino, koma sankadziwa chimene ankanena. Inunso munandiimbira mmodzimmodzi. Iwe Mphatso unati, "Mami, pitani, zimenezo n'zachikale." Ukukumbukira mmene ndinakukalipira? Kwa ine sizinali zachikale. Duku lija ndinkalifuna, ndi limene linkauza anthu mu minibasi kuti andilankhule mofatsa. Ndinkafunanso kusudzulidwa bwinobwino, ndi dzanja la a Felista, amene anandilandira m'banja lawo ndili mtsikana, amene anandidikirira kuchipatala pobadwa nonsenu.

Koma ndikalowa kuchipinda n'kuona bukulo patebulo, mtima unkandiwawa mwa mtundu wina. Munthu anasenda matumba zaka zonse zija, zala zikung'aluka ndi simenti, kuti tsiku limodzi lokha ndidzaime n'kuwerenga. Tsikulo lafika, ine ndibisale? Chakudya chinasiya kulowa. Ndikaganiza zopita ndinkaona nkhope ya a Felista, ndikaganiza zokhala ndinkamva ngati ndikuwanamiza bambo anu poti sangandiyankhenso. Ndinkaopa, ana anga. Ndinkaopa kwambiri.

Lachisanu m'mawa ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Bangwe. Pa siteji positayo inali itang'ambidwa, kutsala dzanja langa lokha lili m'mwamba. A Felista ndinawapeza kuseri, akusonkhezera moto pa mphika wa nyemba za kalongonda. Ndinakhala pansi padothi osadikira mkeka. Ndinapepesa chifukwa cha mawu a Lachiwiri aja. Kenako ndinati, "Alamu, mawa ndikupita. Ndipita ndi zakudazi. Sindikavina, ndipo ndikawauza kuti asandiombere m'manja. Bwerani mudzaone nokha, musadzamve kwa anthu a pa chigayo."

Anatenga nthawi akukankha chikuni chimodzi. Kenako anandiyang'ana. "Mwabwera kudzapempha, kapena kudzandiuza?"

Kunama kukanakhala kophweka. "Kudzakuuzani, alamu."

"Ndamva," anatero, n'kubwerera ku moto wawo. Sanandiperekeze.

Loweruka

Ndinafika ku holo dzuwa lili paliwombo. Iii, nditangolowa ndinadziwa kuti ndadziputira. Ine ndinkaganiza za malo a phee ngati laibulale. Munali masipika akuluakulu, dijeyi pakona, matebulo a mabuku m'mbali, achinyamata thothotho. Olakatula ndakatulo ankasinthana pa siteji, ndipo aliyense akaitanidwa dijeyi ankaika nyimbo, iye n'kukwera akudzigwedeza. Akamaliza, malikhweru, nthungululu, kumenya mipando. Ndinakhala kutsogolo pamene Tadala anandiika, m'manja muli thukuta lokhalokha mpaka chikuto cha buku kunyowa. Mpando wa pambali panga unalibe munthu. Ndinamunong'oneza Tadala kuti ine nyimbo ayi, ndipo anathamanga kukamuuza dijeyi uja, amene anangogwedeza mutu zomvera zili m'makutu. Ndinacheuka. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunali a Felista, chikwama pamiyendo, nkhope ili gwa. Maso athu anakumana, koma sanakweze ngakhale chala.

Woyendetsa mwambo, bambo wanthabwala, anatchula dzina langa mokuwa ngati akulengeza chigoli, ndipo nyimbo inaphulika. Mayo ine! Anthu anayamba kugwedeza mapewa kudikira kuti agogo avine pokwera. Sindinadzuke. Ndinakhala pomwepo nditagwira buku, maso pansi. Woyendetsa mwambo anaitananso. Sindinadzuke. Anthu anayamba kucheukirana. Tadala anakafika pakona paja n'kuzula chingwe yekha. Kutati zii m'pamene ndinaimirira, ndipo nsapato zanga zinkamveka holo yonse pokwera masitepe.

Ndinayamba ndi pempho. "Monga mukuonera, ndine namfedwa. Amuna anga anditsogolera posachedwapa, ndipo abale awo sanandisudzule. Sindinabwere kudzasangalala. Ndabwera chifukwa iwo ankafuna kuti ndidzaime pano. Ndikamaliza, chonde, musandiombere m'manja, musaimbe nthungululu. Mungondilola nditsike." Ndinawerenga kankhani ka mbuzi ya mu minibasi. Ana a sukulu anaseka, ndipo kuseka kulikonse kunkandibaya, maso anga akuthawira kukhomo kuja. Kenako ndinawerenga tsamba la kumapeto, limene ndinalilemba bambo anu ali moyo, lofotokoza mmene ankabwerera kuntchito atatopa, n'kusamba m'manja mobwereza ndi sopo wochapira kuti asadetse mapepala a ana a eni. Mawu anandithawa pakati. Ndinaima, ndinapuma, n'kumaliza. Ndinatseka buku.

Kwa kanthawi holo yonse inamvera. Ndinayamba kutembenuka kuti nditsike. Koma cha kumbuyo kunali gulu la azibambo ndi azimayi amene analowa mochedwa, ophunzira anga akale a ku Ndirande, amene pempho lija sanalimve. Mmodzi anakuwa kuti, "Madamu athu amenewo!" n'kuyamba kuomba m'manja. Anzake anamutsatira. Mayi wina anaimba nthungululu yaitali, ndipo zinafalikira mzere ndi mzere mpaka kutsogolo, ngakhale amene anamva pempho langa anangotengeka. Mafoni anali m'mwamba akujambula. Ndinakweza dzanja kuti asiye, iwo n'kumayesa ndikuwabayibitsa, phokoso n'kukulirakulira. Mumtima ndinati basi, zatha, banja la amuna anga ndalitaya pamaso pa makamera.

Ndinaona a Felista akuimirira. Ndinayembekeza kuti atulukira pakhomo paja. Sanatuluke. Anayenda pakati pa mipando kubwera kutsogolo, chikwama chili m'khwapa, ndipo asanafike n'komwe pa siteji mawu awo anamveka, opanda maikolofoni.

"Chete! Ndati chete! Kodi makutu munasiya kunyumba? Munthu wakuuzani kuti ali pa maliro! Uyu ndi mkazi wa mlongo wanga, nsalu wavalayi ndinamumanga ndine. Manja anuwo ikani pamiyendo!"

Phokoso linatha ngati magetsi athima. Woyendetsa mwambo anabisa maikolofoni kumbuyo. A Felista anakwera masitepe, anandigwira pamkono molimba, n'kunditsitsa. Tinadutsa pakati pa anthu onse aja ali duu, ndipo ine sindinkadziwa ngati akunditeteza kapena akundikokera ku mlandu.

Panja, pafupi ndi mpanda, anandisiya mkono. Tonse awiri tinali wefuwefu.

"Mwandikalipitsa pakati pa anthu osawadziwa," anatero.

"Pepani, alamu. Ndinawauza."

"Ndinamva. Ndinalipo." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Zoti ankasamba m'manja mobwerezazo, n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye ine mlongo wake, amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda, ndizimve lero pamodzi ndi anthu a mu holo? Mumabwera ku Bangwe, bukulo munandiwerengerapo ngakhale tsamba limodzi?" Sindinaganizepo kuti angalifune. "Maso angawa saonanso zilembo. Mudzabwera kwathu, mudzandiwerengera lonse kuyambira pachikuto. Za kusudzula musandifunse. Mavidiyo amenewo afika ku Mulanje ife tisanakwere minibasi."

Miyezi yotsatira

Anafikadi. Wina anadula mbali imene a Felista ankakalipa, n'kutumiza pamene pali nthungululu pokha. Amalume anatumiza mawu kuti tsiku limene anali atakonza kuti andisudzule alichotsa, ndipo pakhomo panga sadzapondanso. Ndinavala zakuda dzinja lonse. Kutchalitchi amayi ena ankasendera kutali pa benchi ndikakhala, ndipo pa mjigo nkhani zinkatha ndikangotulukira. Mlungu ndi mlungu ndinkakwera maminibasi kupita ku Bangwe, kukhala pamkeka, n'kuwerenga. A Felista ankamvetsera atatsinzina, nthawi zina n'kunditsutsa, nthawi zina n'kundiuza za ubwana wa bambo anu zimene ine sindinkazidziwa. Za kusudzula sankazitchula, inenso sindinkafunsa. Anapita ku Mulanje kangapo, n'kumabwerako osanena kanthu.

Amalume sanasinthe maganizo mpaka lero. Ana awo akandiona ku Limbe amawoloka msewu. Zimenezo ndinazisankha ndekha Lachisanu lija, ndipo zimandipwetekabe. Musadzamve wina akunena kuti mayi anu anapambana.

Tsiku lina m'mawa, chimanga chitauma m'minda, a Felista anafika ku Machinjiri ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amayi angapo a ku Bangwe. Amalume panalibe. Ankhoswe a kwathu anafunsa ngati mwambo ungayende mwini mbumba palibe. A Felista anati, "Ndinamanga ndine. Akafuna mlandu adzandipeze ku Bangwe." Anandikhazika pamkeka pakati pa bwalo, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinamva zala zawo pa mfundo ya duku. Analankhula mokweza kuti amve ndi a nyumba zoyandikana, amene anali atasuzumira kale pa mpanda.

"Mlongo wanga anafa imfa ya Mulungu. Mayi uyu anamusunga ali moyo, wamuliranso mokwanira. Ife tilibe naye chifukwa."

Duku linachoka. Mphepo inandiomba pamutu, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira tsiku la maliro.